Kampeni Kamene Kanamera Diso

Mvula ya ku Ludlow sivumba, imangonyowetsa.
Lachitatu limenelo Bambo Pugh analowa m'shopu mwanga
atapinda buluku m'khwapa.
Chingwe cha m'chiuno chinali chitathawira mkati
ngati nkhono yokhudzidwa.

Ndinatenga kachitsulo kanga m'kabati,
kobuntha kunsonga, ka diso lalitali,
n'kuyamba kulondola njira mumdima wa nsalu.

"Mayi Tranter, kameneko mumakatcha chiyani?"
"Bodkin," ndinatero. "Amayi ankakatcha choncho.
Sindinafunsepo."

Iwo amagwira ntchito m'chipinda cha zolemba zakale,
kumene ngakhale fumbi ndi lachikulire kuposa ife.
Anati pa zikopa zolembedwa zaka mazana asanu ndi limodzi zapitazo
liwuli amalipeza litavala zilembo zina, boydekin,
ndipo silinali la osoka ayi.
Unali mpeni waufupi, woonda,
wobisa m'dzanja la malaya,
wobaya, osati wodula.
Munthu ankapita nawo kumowa.
Mnzake sankabwerako.

"Nanga linachokera kuti?"

Anavula magalasi, n'kuwapukuta ndi tayi.
Ena amaloza kumadzulo, kuseri kwa mapiri aja,
kwa Awelshi, amene ali ndi liwu lampeni lomveka chimodzimodzi.
Ena amati linawoloka nyanja pakamwa pa Afalansa.
Ena amangogwira mchira wake, kin,
amati ndi kamchira kochepetsa zinthu:
osati chimpeni, koma kampeni.
"Zoona zake, mayi, palibe akudziwa.
Ndi mwana wotola.
Anafika usiku, opanda kalata, ali kale ndi magazi kumanja."

Chingwe chinatulukira mbali inayo.
Analipira mapaundi atatu, n'kubwerera m'mvula yawo.

Ndinatsala ndikukatembenuza pachikhatho.
Kodi liwu limatula bwanji mkwiyo?
Si tsiku limodzi.
Linayamba ndi nthiti za anthu,
kenaka linaboola zikopa za nsapato, nsalu zolimba,
linakakhala m'tsitsi la akazi, kugwira mfundo kuti isamasuke,
ndipo kwinakwake m'njiramo, palibe analemba tsiku,
nsonga inatha.
Chinthu chimene chinali ndi dzino lokha
chinamera diso.

Sindine munthu wa mabuku.
Ndimafupikitsa miyendo ya mabuluku, ndimasintha zipi.
Koma usiku umenewo tiyi anazizira m'kapu
ndikuganiza za Glenys, mng'ono wanga, ku Clun,
ndi zimene ndinamuuza pakhomo la tchalitchi
titangoika amayi m'manda.
Nkhani yake inali makina osokera, Mulungu andikhululukire,
makina amene tsopano sazungulira n'komwe.
Mawu anga anali aafupi. Oonda.
Ndinabwera nawo kuchokera kunyumba, nditabisa m'dzanja la malaya akuda,
ndipo ndinadziwa pakati pa nthiti ziti.
Sanalire. Anangokonza chipewa.

Zaka khumi ndi chimodzi.

Liwu lija linafuna mazana a zaka kuti libunthe.
Ine ndilibe mazana.
Ndili ndi mawondo otupa, ndi lendi,
ndi kachitsulo aka ka amayi
kamene Glenys anaphunzirira kulowetsa riboni
atakhala pansi pa tebulo, lilime lili panja.

Chingwe chikathawira mkati sumang'amba nsalu.
Umapapasa ndi zala mpaka utamva pamene chabisala,
n'kumakankha pang'onopang'ono,
nsalu ikukwinyika, ikuwongoka, ikukwinyika.
Zimenezi ndimazidziwa. Ndi ntchito yanga.

M'mawa ndinaika bodkin mu envulopu yofiirira.
Sindinalembe kalata; ndinayesa kawiri,
mawu onse ankatuluka akuthwa.
Ndinangolemba dzina lake ndi msewu.

Envulopuyo ili pano, pafupi ndi lumo,
yatha masiku anayi.
Sitampa ndagula.
Mvula ikadali kunyowetsa.